Gologolo Apezera Mkazi Wake Malume

Kudali chaka china, chija mvula idangogunda kumapiri n'kubwerera komwe idachokera. Mitengo idayoyola masamba isanabale, mitsinje idasanduka njira zamchenga, ndipo m'nkhalango monse mudatsala dziwe limodzi lokha. Nyama zitaona kuti zitsirizana kudyana, zidapangana lamulo lakuti aliyense wopha mnzake popanda chigamulo cha bwalo asadzapondenso padziwe. Mlonda wa dziwelo adali Njovu, choncho padalibe wofuna kuliyesa lamulolo kuti aone ngati lili ndi mano.

Bwalo linkakhala pansi pa mkuyu waukulu. Woweruza adali Nang'omba, chimbalame chakuda chija choyenda ngati chikuperekeza maliro. Sadamusankhe chifukwa cha nzeru ayi, koma poti mkanjo wakuda adali nawo kale.

Mumkuyu momwemo munkakhala Gologolo ndi mkazi wake Nankhoma. Gologolo sadapalamulepo mlandu chibadwire, koma poti tsiku ndi tsiku ankakhala panthambi pamwamba pa bwalo, mawu a milandu adamulowerera ngati utsi m'denga la khitchini. Mkazi wake akamuuza kuti akafune chakudya, iye ankayankha kuti, "Dandaulo lanu ndalimva, a Nankhoma. Mlandu ndauimitsa mpaka mawa."

"Imitsaninso njalayi mpaka mawa," ankatero Nankhoma, n'kutsika yekha kukasakasaka.

Tsiku lina, atagona ndi njala masiku atatu, Nankhoma adapeza mtengo wa njuchi umene Chiuli adafula m'mawa womwewo. Pansi padagwera kachisa ka uchi, kakang'ono ngati khutu la mbewa. Adayang'ana uku ndi uku, n'kunyambita kamodzi. Kachiwiri sadanyambite. Chiuli, yemwe mkwiyo wake ngwodziwika m'nkhalango yonse, adatulukira kuseri kwa chitsa n'kumupanikiza pansi ndi phazi limodzi.

Gologolo adamva kulira kwa mkazi wake. Adathamanga m'nthambi mpaka pamwamba pa malowo, n'kuyang'ana pansi. Mano a Chiuli adali atafika kale pakhosi pa Nankhoma. Gologolo adalibe mphamvu, adalibe zikhadabo zoti n'kuopsa nazo munthu, adalibe ngakhale mnzake wamkulu thupi woti amuitane. Adali ndi pakamwa pokha.

"A Chiuli! Mwaswera bwanji? Ndikuona mwagwira wakuba. Mwachita bwino, kuba n'koipa."

Chiuli adadzutsa mutu. "Ndi mkazi wako ameneyu."

"Ndi wanga ndithu, n'chifukwa chake ndikuthokoza kuti mwandigwirira. Idyani, musachedwe. Ndimangoti ndikufunseni kanthu kamodzi, achimwene. Ludzu mumalipirira masiku angati?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Palibe. Kungoti a Njovu ndinawaona m'mawa uno akufunsa ngati pali wina waphwanya lamulo. Akuti miyendo ikuwayabwa."

"Ndamugwira uchi uli kukamwa!" adakuwa Chiuli.

"Kugwira n'kwanu, kugamula n'kwa bwalo. Mukamudya pano, mwapha. Mukamudya mawa bwalo litagamula, mwangokwaniritsa chilungamo. Nyama yake ndi yomweyo, kukoma kwake n'komweko, kusiyana kwake ndi madzi akumwa basi."

Chiuli adaganiza nthawi yaitali, poti kuganiza sinali ntchito yake. Kenaka adamunyamula Nankhoma ndi pakhosi, adatolanso kachisa kaja, ulendo wa kubwalo. Kumeneko Nang'omba adalamula kuti woganiziridwayo asungidwe m'chitokosi. Chitokosicho chidali mphako ya patsinde pa mkuyu, ndipo pakhomo pake Chiuli adakunkhunizirapo mwala n'kukhala pambali pake.

M'mawa mwake nyama zidasonkhana. Zidabwera zambiri, chifukwa chaka cha njala mlandu wa mnzako ndiye chosangalatsa chokha chaulere. Chiuli adafotokoza dandaulo lake m'mawu asanu okha: "Anaba uchi wanga, ndikufuna ndimudye." Adaika kachisa kaja pamwala wina pakati pa bwalo ngati umboni, n'kukhala pansi.

Gologolo adaimirira. Adaomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo bwalo, zikomo a woweruza. Ine ndine wamng'ono, sindidziwa kanthu. Koma ndimamva ndili kumtunda kuja kuti bwalo siligamula zakumva, limagamula zimene ladzionera. Tsono tidziwa bwanji kuti ichi ndi uchi? Mwina ndi utomoni. Mkazi wanga angafere utomoni."

Nang'omba adayang'ana kachisako. Iyenso adali asanadye chidzulo chake. "Mfundo yomveka," adatero. "Bwalo lilawa."

Bwalo lidalawa. Lidatsinzina, lidaganiza, n'kunena kuti silinamvetsetse. Lidalawanso. Pofika kachitatu, pamwala paja padangotsala chinyontho ndi nyerere ziwiri.

"A woweruza," adatero Gologolo msangamsanga, "ndikupempha wodandaula aonetse umboni wake."

Nyama zidaphulika kuseka. Chiuli adazungulira mwala uja kawiri, akununkhiza. Gologolo adayang'ana kumphako kuja, ndipo pampata wa mwala adaona diso la mkazi wake likuphethira. Adaganiza kuti basi, zatha, apita kwawo.

Koma Nang'omba adapukuta mlomo wake paphiko n'kunena kuti, "Umboni sunasowe. Uli m'manja mwa bwalo, ndipo bwalo likuukumbukira bwino lomwe. Unali uchi. Pali china?"

Chiuli adayamba kale kunola zikhadabo pamuzu.

"Chilipo," adatero Gologolo, asanadziwe n'komwe chimene anene. "Chilipo ndithu. Wodandaula pamlandu wa kuba amakhala mwini katundu. A Chiuli, pepani kufunsa, munayamba mwaterapo paduwa? Uchi umenewu munaupanga ndi chiwalo chiti?"

"Njuchi zimandipatsa!"

"Eya! Ndiye mboni zilipo. Zibwere njuchizo zidzalumbire pano kuti zinakupatsani mwa kufuna kwawo. Zikavomera, ine nditseka pakamwa."

Nang'omba ankakonda mlandu wautali, chifukwa mlandu ukatha woweruza amasanduka mbalame wamba. Adagwedeza mutu n'kuuimitsa mpaka mawa, kuti wodandaula abweretse mboni.

Dzuwa litapendeka, Chiuli ali kudziwe, Gologolo adakankhira timakungwa tofewa pampata wa mwala uja. Ndi zokhazo zimene adapeza.

"Mukuona bwanji, a Nankhoma? Tsiku limodzi ndagula."

"Ndamva," adayankha mkaziyo motsitsa mawu. "Nanga mawa mugula ndi chiyani?"

Gologolo adangokwera mumtengo.

Mawa lake Chiuli adafika atasenza chigobo chonse cha njuchi, poti khungu lake mbola siilowa. Adachiponya pakati pa bwalo n'kunena kuti, "Mboni ndi izi. Zifunseni."

Mbonizo sizidadikire kufunsidwa. Zidatuluka zonse nthawi imodzi n'kuyamba kupereka umboni pamphuno, m'makutu ndi pansi pa michira. Nyani adakwera mumtengo n'kupeza zina zikumudikira komweko. Nguluwe adaboola tchire n'kusiya njira imene mpaka lero ikadalipo. Nang'omba adaiwala mayendedwe ake a kumaliro aja, adathamanga liwiro la mtondo wadooka, koma njuchi zidamupeza pakhosi. Mukamuona lero pakhosi pali pofiira ndi potupa, dziwani kuti ndi za tsiku limenelo.

Izi ndi zimene Gologolo ankayembekeza. Pamene Chiuli ankathamangitsa chigobo chake chomwe chinkagubuduzika kutsetsereko, iye adalumphira pamwala wa chitokosi. Adakankha ndi manja. Adakankha ndi mutu. Adatembenuka n'kukankha ndi msana, mapazi akupalasa fumbi, njuchi zikumuluma m'zikope. Nankhoma nayenso ankakankha cham'kati. Mwalawo sudasunthe ngakhale pang'ono. Sudali mwala waukulu, Chiuli adaukunkhuniza ndi dzanja limodzi, koma kwa agologolo awiri anjala udali phiri.

Adagwa pansi n'kulira. Nzeru zonse zija zidakathera pamwala wosamva mfundo.

"Thawani, akubwera," adanong'ona Nankhoma. Gologolo adakwera mumtengo, maso atatupa.

Bwalo litakumananso, padalibe woseka. Aliyense adali ndi chotupa penapake, ndipo onse ankayang'ana Gologolo ngati ndiye adawaluma. Nang'omba ankayankhula movutikira.

"Mboni zamveka," adatero. "Zakwiya, ndiye kuti zinaberedwa. Bwalo lili pafupi kugamula."

"Belo, a woweruza!" adafuula Gologolo. "Ndikupempha belo. Mkazi wanga wafooka m'chitokosimo. Atuluke, azidzaonekera kubwalo kuchokera kunyumba."

"Belo imafuna womuimira," adatero Nang'omba. "Wina aimirire pano, alonjeze kuti woimbidwa mlanduyu akathawa, iyeyo alowa m'malo mwake. Alipo?"

Gologolo adayang'ana khamu lija. Mudali Sakhwi, amene Nankhoma adamugawirapo chiswe mwezi wathawo. Mudali Changa, woyandikana naye nthambi. Mudali Fulu, wokonda kulalikira za chikondi. Aliyense adapeza chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa pakati pa mapazi ake. Musawanyoze kwambiri, njala imachepetsa mitima.

"Ndimuimira ndine," adatero Gologolo.

Nang'omba adapukusa mutu. "Iwe ndiwe ndani kwa mayiyu?"

"Mwamuna wake."

"Ndiye kuti ndiwe mkamwini. Mkamwini ndi mlendo, adangobwera ndi mkeka. Mlandu wa mkazi amausenza ndi mwinimbumba wake, malume ake kapena mlongo wake. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Ndakulekerera masiku onsewa chifukwa umandisangalatsa, koma kunena zoona ulibe mawu pano. Eni ake a mayiyu ali kuti?"

Gologolo adasowa mtengo wogwira. Nankhoma adali ndi mlongo mmodzi yekha, ndipo njala idamutenga miyezi iwiri yapitayo. Malume ake adatha kalekale. Padziko lonse lapansi mkaziyo adali ndi Gologolo yekha, ndipo bwalo lidali litangonena kuti Gologoloyo sawerengedwa.

Chiuli adaseka koyamba chiyambire mlandu. "Alibe mwini! Ndi nyama yotola. Gamulani, a woweruza, ndakomoka nayo njala."

"Ali ndi malume," adatero Gologolo.

"Ndani?"

Gologolo adafunafuna m'mutu mwake dzina loti likagwa pabwalo, Chiuli aleke kuseka. Adalipeza, ndipo lidatuluka asanaliyeze kulemera kwake.

"A Nyalugwe."

Nyama zonse zidacheukira kuphiri.

"A Nyalugwe a kuphiri?" adafunsa Nang'omba. "Kufanana kwake kuli pati?"

"Onse ndi okwera mitengo, a woweruza, simunazindikire? Agogo awo anali mmodzi. Kungoti mbumba ya kuchikazi idakula movutika, ndiye matupi adachepa. Sitikonda kuzitchula, a Nyalugwe sakonda kuti dzina lawo lizimveka m'milandu. Koma akamva kuti mdzukulu wawo wagona m'chitokosi masiku atatu chifukwa cha kunyambita kamodzi, kaya. Ine sindidzakhalapo."

Chiuli saopa njoka, saopa njuchi, koma Nyalugwe amamupatsa ulemu.

"Bodza," adatero, koma mawu ake adatuluka opyapyala.

"Mwambo ulipo," adatero Nang'omba. "Wamkulu akalephera kubwera yekha, amatumiza chizindikiro. Mkucha ubwere nacho chizindikiro cha a Nyalugwe. Ukabwera chimanjamanja, a Chiuli adya."

Masana amenewo Gologolo adapita pampata wa mwala uja akudzitama pang'ono. Sadalandiridwe momwe ankaganizira.

"Mwandipezera malume otani, inu?" adafunsa Nankhoma. "Mwa nyama zonse za m'nkhalango muno?"

"Dzina lokha, a Nankhoma. Dzina silidya munthu. Iwo ali kuphiri, sadzamva n'komwe."

"Ndikuopa," adatero mkaziyo.

Gologolo adanyamuka m'bandakucha, ndipo dzuwa lili pamutu adafika kuphiri. Adapeza Nyalugwe atagona panthambi yaikulu ya mbawa, miyendo ili lende, nthiti zikuwerengeka. Lamulo la dziwe lidamuwondetsa kuposa wina aliyense. Patsinde pa mtengowo padali minga, ndipo pamingapo padakodwa tiubweya tamawangamawanga. Gologolo adayandikira chokwawa. Adatola kamodzi. Adatola kachiwiri. Pafumbi adaonanso ndevu imodzi yaitali, yoyera, yothothoka yokha. Mtima udamuuza kuti zakwana, koma dzanja lidapita lokha.

Atadzutsa mutu adapeza diso limodzi la Nyalugwe lili chitsegukire, likumuyang'ana.

"Ukutani, kanthu iwe?"

"Ndikusesa, bwana," adatero Gologolo. "Pakhomo pa wamkulu sipayenera kukhala zinyalala."

Disolo lidamuyang'anabe kanthawi, kenaka lidatsekeka. Gologolo adathamanga osacheuka mpaka kumkuyu.

Tsiku lachigamulo lidafika. Gologolo adayala ubweya ndi ndevu ija pamwala wa umboni. Nyama zidabwerera m'mbuyo, chifukwa fungo lake lokha lidakwanira.

"A Nyalugwe akuti akupereka moni ku bwalo," adatero Gologolo. "Akuti ndevu iyi aizula okha, ndipo akapanda kumva zabwino abwera kudzaitenga."

"Lumbira," adatero Nang'omba.

Gologolo adanyambita chala, adachidutsa pakhosi, n'kuloza kumwamba. "Ndikanama, mphezi inding'ambe. Nankhoma ndi wa mbumba ya a Nyalugwe." Kumwamba kudalibe mtambo ndi umodzi womwe, choncho lumbirolo lidamutuluka mosavuta.

Mwala wa chitokosi utachotsedwa, Nankhoma adatuluka akudzandira, maso akulephera dzuwa. Nang'omba adamufunsa ngati a Nyalugwe adalidi malume ake. Mkaziyo adayang'ana mwamuna wake, adayang'ana mano a Chiuli, n'kuweramitsa mutu.

"Amuna anga anena kale," adatero.

Chiuli adakanda pansi. "Kauchi kake kanali kochepa," adang'ung'udza. "Mlandu ndauchotsa. Tisavutane ndi anthu."

Nang'omba adatambasula mapiko. "Bwalo lagamula. Nankhoma ndi mfulu, ndipo bwalo lamupereka m'manja mwa mwinimbumba wake, a Nyalugwe. Chagwa chagwa."

Nankhoma adagwira mwamuna wake mchira. "Tiyeni, inu. Tiyeni tikwere."

Akadamvera, nthano ino ikadathera pomwepa, tonse tikadaseka n'kumapita. Koma Gologolo adali atalawa chinthu chotsekemera kuposa uchi. Nyama zimene dzana zidayang'ana pansi, tsopano zinkamuyang'ana iye kukamwa yasa. Chiuli, Chiuli weniweni, adali atapinda mchira. Wamng'ono amene wakhala akupondedwa moyo wake wonse, tsiku lakuti waponda ena amavutika kutsika.

"Pepani a woweruza, kanthu kamodzi," adatero. "Chipepeso."

"Inu, tiyeni," adatero Nankhoma.

"Dikirani pang'ono, mayi. A Chiuli atsekera mwana wa eni ake masiku asanu. Amuwondetsa, amuyalutsa pagulu. Ndikauza chiyani a Nyalugwe? Ndikupempha bwalo liwalamule apereke chisa chathunthu cha uchi."

Chiuli adati theka. Gologolo adati chathunthu, n'kuonjezera mphutsi zake. Chiuli adati mphutsi ayi. Gologolo adatchula mlandu wina wakale umene adaumva ali panthambi, wa Mbawala ndi Nkhandwe, n'kuufotokoza kuyambira pachiyambi. Nankhoma adamukoka mchira kachitatu, kachinayi. Dzuwa lidachoka pamutu n'kuyamba kupendeka, iye akadali pamfundo yachisanu ndi chiwiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Sadazindikire kuti nyama zasiya kumuyang'ana. Zinkayang'ana kumbuyo kwake.

"Zikomo bwalo," adatero mawu ofatsa.

Nyalugwe adali atakhala kumapeto kwa bwalo, mchira atauzungulitsa mapazi, ngati mlendo wolemekezeka. Nkhani m'nkhalango siyenda pansi. Khwangwala adali ataifikitsa kuphiri dzuwa lisanafike pamutu.

"Ndamva kuti ndili ndi mbumba," adatero Nyalugwe. "Ndakhala ndekha zaka zambiri, osadziwa. Ndabwera kudzamutenga mdzukulu wanga, akaone kwawo."

Gologolo adatembenuka. Adayesa kuseka. "A malume, mwadzivutitsa. Mlandu watha bwinobwino. Mdzukulu wanu ndimusamala ndine, monga kale."

"Wasamala mokwanira, mkamwini. Taona mmene waondera. Bwalo lamupereka m'manja mwa yani, a woweruza?"

"Mwa inu," adatero Nang'omba, mawu ali pansi.

Apo Gologolo adataya zonse, ulemu, nzeru ndi manyazi omwe. Adadzigwetsa pakati pa bwalo.

"Ndinanama! A woweruza, ndinanama! Si malume ake, sadziwana n'komwe. Ubweyawu ndinatola paminga. Ndilangeni ine, ndalumbira zabodza pamaso pa nonse!"

Nang'omba adayang'ana Nyalugwe, n'kuyang'ana kumbali. "Unalumbira, mwini wake sanakane, a malume avomera. Pakamwa patatu pagwirizana. Chigamulo chikagwa sichidzuka pabwalo lomwelo."

"Ndiye ndikuchita apilo!"

"Ndi ufulu wako. Apilo imapita kubwalo lalikulu."

"Likhala liti?"

"Mvula ikagwa."

Gologolo adathamangira kwa Njovu, yemwe adaima chapatali akudzikupiza ndi makutu. "A Njovu, lamulo la dziwe! Mukudziwa chimene akukachita naye kuphiriko. Auzeni kuti sadzamwanso madzi!"

Njovu adapumira m'mwamba. Adali ndi chisoni chenicheni, koma chisoni cha wamkulu sichitsekereza njira. "Lamulo limaletsa kupha mnzako, mwana wanga. Za m'kati mwa mbumba bwalo sililowerera, ndi za pamtundu. Iwe umakhala pamwamba pa bwalo, ukuzidziwa bwino kuposa ine."

Ankazidziwadi. Adazimva kambirimbiri ali panthambi, akutafuna nkhuyu.

Adabwerera n'kugwada pamaso pa Nyalugwe, mphumi pafumbi. "Bwana, tengani ine. Wabodza ndine, wakuba ndevu ndine. Ndine wonenepako pang'ono, onani. Musiyeni uyu."

Nyalugwe adamuyang'ana mokoma mtima. "Iwe ndiwe mwana wa eni ake, mkamwini. Ndikakukhudza ndipalamula mlandu, a Njovu andimana madzi. Ine ndimalemekeza malamulo."

Gologolo adatsegula pakamwa kuti anene mfundo ina. Adafufuza m'mutu monse, m'milandu yonse imene adaimva chibadwire, ndipo sadapezemo kanthu. Kadali koyamba kuti pakamwa pake pakhale chitsegukire popanda mawu.

Nankhoma adamuyandikira. Sadamukalipire, ndipo zikadakhala bwino akadamukalipira. Adamuchotsa fumbi pamphumi n'kumunong'oneza.

"Pansi pa muzu wakum'mawa wa mkuyuwu ndinakwirirapo nthanga ziwiri za malambe. Ndimasungira tsiku loti zinthu zafika poipitsitsa, imodzi yanu, imodzi yanga. Mukadye zonse."

Nyalugwe adamunyamula ndi pakhosi mosamala, momwe mphaka anyamulira mwana wake, adathokozanso bwalo, n'kulowera njira ya kuphiri. Gologolo adawatsatira m'mitengo, nthambi ndi nthambi, akufuula. Adawatsatira mpaka pamene mitengo imathera ndi kuyamba miyala. Pamenepo adaima, chifukwa padalibenso nthambi yoti alumphirepo.

Nyama zidabalalika mosayang'anana. Atabwerera kumkuyu adapeza Nang'omba yekha, akukonza nthenga zake.

"Usadandaule kwambiri," adatero woweruzayo. "Chikhalire pabwalo lino sindinaonepo wina wowina mlandu mwaluso ngati iwe."

Mvula idagwa patapita miyezi iwiri. Bwalo lalikulu lidakhaladi, ndipo Gologolo adali woyamba kufika, m'mawa mame asanakamuke. Adamumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenaka adamuuza kuti apilo yotere siingayambe popanda mwini nkhani, choncho apite akabwere naye Nankhoma, adzayankhule yekha.

Ndiye mukadzayenda m'tchire n'kumva gologolo akulalata pamwamba pa mtengo, mchira ukunjenjemera, yang'anani pansi bwinobwino, pali nyalugwe akudutsa. Musamuseke kanyamako. Akuwerenga mfundo za apilo yake, ndipo zonse ndi zomveka.